Halloween ndi ana aang'ono ku Glasgow: mafunso ndi mayankho kwa makolo

Mwezi wa Okutobala ukafika pakati, makolo amene angobwera kumene kuno ku Scotland amayamba kundiima pakhomo la tchalitchi ndi pageti la sukulu. Mwana wabwera ndi kalata yoti tsiku lakuti adzavale zachilendo, m'masitolo mwadzaza maungu ndi zigoba, ndipo kholo silikudziwa ngati livomere kapena likane. Ine ndine mayi wa ana awiri, ndipo chaka changa choyamba ndinatseka chitseko n'kuzimitsa magetsi chifukwa cha mantha. Masiku ano ndimayenda nawo anawo, koma mwa njira yanga. Mafunso ali m'munsimu ndi amene ndimafunsidwa kawirikawiri.

Kodi Halloween n'chiyani? Si mwambo wa ku America?

Ambiri tinaiona koyamba pa kanema wa ku America, koma mizu yake ili konkuno, ku Scotland ndi ku Ireland. Anthu akale olankhula Chigeliki anali ndi chikondwerero chotchedwa Samhain, cha kutha kwa zokolola ndi kuyamba kwa dzinja lawo lozizira ndi lamdima. Kenako mpingo wa ku Roma unaika 1 Novembala kukhala tsiku la Oyera Mtima Onse, ndi 2 Novembala kukhala lokumbukira omwalira. Dzina loti Halloween likungotanthauza madzulo otsogolera tsiku la Oyera Mtima Onse, ndiye kuti 31 Okutobala. Mlakatuli wotchuka wa kuno, Robert Burns, analemba ndakatulo yofotokoza masewera a usiku umenewu mu 1785.

Anthu osamuka kuno ndi ku Ireland ndi amene anapita nawo mwambowu ku Canada ndi ku United States. Kumeneko unakula, unapeza dzungu, unapeza mawu oti "trick or treat" (ndiye kuti ndipatseni switi, apo ayi ndikuchitani chipongwe), kenako unabwerera kuno kudzera m'makanema ndi m'masitolo.

Nanga guising imene aphunzitsi akunena ndi chiyani?

Limeneli ndi dzina la kuno la kuyenda m'makomo utadzibisa ndi zovala. Ndipo pali kusiyana kumene ndimafuna kholo lililonse limve. Ku America mwana amangoti "trick or treat" n'kutambasula thumba. Kuno agogo ambiri amayembekeza kuti mwana achite kanthu kaye: aimbe nyimbo, alakatule ndakatulo, anene nthabwala kapena avine. Amatcha zimenezi party piece. Akatero m'pamene amalandira switi.

Ine mbali imeneyi ndi imene inandigwira mtima, chifukwa ndi zimene tinkachita madzulo pabwalo kwathu. Mwana wanga wamkulu ali ndi zaka zinayi ndinamuphunzitsa chilape. Ankaima pakhomo n'kunena kuti "Chilape!", ine kumbuyo n'kuyankha kuti "Nachize!", iye n'kufunsa za nyumba yopanda khomo, kenako n'kumasulira m'Chingerezi. Agogo ena aakazi a pansi pathu anaganiza nthawi yaitali, ndipo atamva kuti ndi dzira anaseka mpaka kugwira chitseko. Tinali titakhala m'nyumba imodzi yosanjikizana kwa miyezi yambiri tikungogwedezerana mitu pamasitepe. Kuyambira usiku umenewo amaitana ana anga ndi maina awo.

Mwana wazaka ziwiri kapena zitatu palibe amene angamukakamize. Akangoti "Happy Halloween" ndi "thank you", zatha. Kanyimbo ka Chichewa kamene mumamuimbira pomusambitsa nakonso n'kokwanira, ndipo anthu amakakonda kuposa nthabwala zimene azimva kale makomo khumi.

Ndife opemphera. Kodi zimenezi si za ufiti?

Funso limeneli sindilichepetsa, chifukwa inenso linandisowetsa tulo. Kwa mnansi wanga wa ku Scotland, mfiti ndi chidole cha chipewa chosongoka chokwera tsache. Kwa ife mawu oti mfiti ndi olemera. Kwathu agogo amathamangitsidwa m'midzi, ena kuphedwa kumene, chifukwa chonenezedwa ufiti. Tikaona kamtsikana ka zaka zisanu katavala ngati mfiti, mtima sukhala m'malo ngati mmene umakhalira wa anthu a kuno.

Dziko lino nalo linadutsa m'zomwezo. Lamulo la ufiti la Scotland la mu 1563 linagwira ntchito mpaka 1736, ndipo anthu pafupifupi 4,000 ananenezedwa, ambiri mwa iwo akazi. Ku Paisley, pafupi pomwepa, anthu anaphedwa mu 1697 atatchulidwa ndi mtsikana wazaka 11. Pa 8 Malichi 2022 Nicola Sturgeon, ali mtsogoleri wa boma la Scotland, anapepesa m'nyumba ya malamulo chifukwa cha nkhanza zimenezo. Ndiye ine ana anga sindiwaveka ngati mfiti, mzukwa kapena mtembo. Chifukwa changa si kuopa kuti chovala cha m'sitolo chili ndi mphamvu. Ndimakumbukira agogo a kwathu amene amalira chifukwa cha dzina limenelo.

Koma kugogoda pakhomo la mnansi utavala ngati njuchi, n'kuimba nyimbo, n'kunena zikomo, ine sindipezamo tchimo. Amenewo ndi maganizo anga, ndipo ndikudziwa abale ndi alongo mu mpingo amene sagwirizana nane. Ngati chikumbumtima chanu chikukana, kanani. Palibe lamulo lokakamiza, ndipo sukulu imamva kholo likanena mwaulemu kuti mwana asalowe nawo. Chimene ndimapempha n'chakuti mumufotokozere mwanayo mofatsa, osamuuza kuti anzake onse a m'kalasi ndi a Satana, poti mawa lake akakhala nawo pa tebulo limodzi.

Matchalitchi ambiri kuno amakonza madzulo omwewo phwando lotchedwa Light Party, lokhala ndi masewera, nyimbo, maswiti ndi nkhani ya m'Baibulo, popanda zoopseza. Bungwe la Scripture Union limalimbikitsa maphwando otere. Kwa ife amene tinakulira mu CCAP, 31 Okutobala ndi tsiku lokumbukiranso Martin Luther ndi zimene anayamba mu 1517, kotero nkhani yokambirana ndi ana usiku umenewo siisowa.

Kodi tingamuveke mwana ngati Gule Wamkulu, poti nakonso ndi kuvala chigoba?

Ayi, chonde. Ndamvapo makolo akufunsa zimenezi ndi mtima wabwino, pofuna kuonetsa chikhalidwe cha kwathu. Koma Gule Wamkulu si masewera ovala. Ali ndi eni ake, ali ndi dambwe, ali ndi nthawi yake pa maliro, pa chinamwali ndi polonga ufumu. UNESCO inamulengeza mu 2005 kukhala chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Kumusandutsa chovala chopemphera maswiti n'kunyoza Achewa amene amamusunga, ndipo anthu a kuno angophunzirapo kuti chikhalidwe chathu ndi choopsezera ana. Ngati mukufuna za kwathu zionekere, sokani chovalacho ndi chitenje.

Mwana ayambe ali ndi zaka zingati?

Wazaka zitatu amamva kale zimene zikuchitika ndipo amasangalala. Wochepera apo amangoperekeza, kaya kumsana kaya m'kangolo kake. Aliyense wa ku pulayimale ayende ndi munthu wamkulu, ndipo wamkuluyo afike pakhomo penipeni, osaima kutali n'kumayang'ana foni.

Tituluke nthawi yanji, ndipo tiyende nthawi yaitali bwanji?

Apa m'pamene obwera kumene amapusitsika. Kwathu Okutobala ndi mwezi wotentha, dzuwa limalowa cha m'ma 6 koloko chaka chonse. Kuno mawotchi amabwezedwa ndi ola limodzi Lamulungu lomaliza la Okutobala, choncho pa 31 dzuwa limalowa cha m'ma 4:40 madzulo. Ikamakwana 5:30 kunja kwada bii, kukuzizira, ndipo kawirikawiri kukuwaza mvula.

Ana aang'ono tulukani nawo pakati pa 5 ndi 6:30. Nthawi imeneyo m'misewu mumakhala mabanja okhaokha. Ikadutsa 7:30 amayamba kutuluka achinyamata a zigoba zoopsa, ndipo anthu ambiri amakhala atatha maswiti n'kuzimitsa nyali. Mwana wazaka zitatu makomo asanu kapena asanu ndi atatu amukwanira, mphindi 30 kapena 40. Mudyetseni chakudya chotentha musanatuluke, ngakhale nsima ya masana yotenthetsa, kuti asayambe switi ndi m'mimba mopanda kanthu. Ndipo apite kuchimbudzi asanavale, chifukwa kuvula njuchi yonse mumsewu wozizira si ntchito yaing'ono.

Tidziwa bwanji khomo loti tigogode?

Chizindikiro ndi dzungu losemedwa nkhope, loyaka nyali mkati, loikidwa pakhomo kapena pawindo, kapenanso zokongoletsa zilizonse za tsikuli. Nyumba yamdima idutseni. Ena amamata chikwangwani chopempha kuti musagogode, ndipo nthawi zambiri amakhala okalamba okhala okha, odwala, kapena a khanda logona. Gogodani kamodzi, dikirani pang'ono, pitirirani.

Ambiri a ife ku Glasgow timakhala m'nyumba zosanjikizana zija amati tenement, zokhala ndi khomo limodzi lolowera ndi masitepe a onse, amene kuno amawatcha close. Musamangodina mabelu onse pakhomo lakunja. Yambani ndi close yanu. Patatsala masiku angapo, mata kapepala pansi pa masitepe kofunsa amene akufuna kulandira ana kuti aike chizindikiro pachitseko chawo. Mukatero agogo amakonzekera, ndipo inu simuchita manyazi.

Pali makolo amene amakweza ana m'galimoto kupita kumadera a anthu olemera, kumene amati maswiti ndi ambiri. Ine sindichita zimenezo. Kuno anthu amakhala chotseka zitseko chaka chonse, ndipo uwu ndi usiku umodzi wokha umene mnansi amatsegula akumwetulira. Ndimafuna amene akutsegulayo akhale munthu amene mwana wanga adzakumane naye mawa pa siteji ya basi, amene adzamuzindikire akadzasochera.

Kale ana a kuno ankalowa m'nyumba kukaimbira pabalaza, ndipo okalamba ena amaitanabe kuti lowani. Lamulo langa n'lakuti mwana salowa m'nyumba ya munthu popanda ine.

Avale chiyani? Ndalama zogulira zovala za m'sitolo tilibe.

Simufunika kugula. Ana a guising akale ankavala zovala zakale za makolo awo n'kudzipaka mwaye kumaso. Mkango, kalulu, gulugufe, dokotala, wozimitsa moto, mlimi wa khasu la katoni: zonsezi zimatheka ndi katoni, chitenje, ulusi ndi singano. M'masitolo a zachifundo ogulitsa kaunjika mumapezeka zovala za chaka chatha pa mtengo wotsika, ndipo sukulu zina zimakonza zosinthana.

Koma pali zinthu ziwiri zimene sindinyengerera. Choyamba ndi moto. Mu 2014 mwana wamkazi wa Claudia Winkleman, muulutsi wa pa BBC, anapsa kwambiri chovala chake cha Halloween chitakhudza kandulo pakhomo la nyumba ina. Nsalu zopepuka za nayiloni zimayaka msanga n'kumatirira pakhungu. Pogula yang'anani chizindikiro cha UKCA kapena CE chosonyeza kuti chovalacho chikutsata malamulo a chitetezo, pewani zovala zokwekwereza pansi ndi za manja olendewera, ndipo mkati muvekeni zovala za thonje. Phunzitsani mwana kuti chovala chikagwira moto asathamange: aime, agwe pansi, agubuduke. M'dzungu lanu ikani kanyali ka batire m'malo mwa kandulo.

Chachiwiri ndi kuoneka pamsewu. Mwana wovala zakuda mumdima ndi mvula woyendetsa galimoto samuona. Matani tepi yonyezimira kumsana ndi pathumba, mupatseni tochi, ndipo muwoloke pamalo owolokera mutamugwira dzanja. Chigoba chimatchinga maso m'mbali, ndiye kwa ana aang'ono utoto wa kumaso ndi wabwinopo. Uyeseni kaye pamkono dzulo lake kuti muone ngati sakutuluka ziwengo. Pakhungu lathu lakuda mitundu yoyera, yachikasu ndi yagolide ndi imene imaoneka bwino.

Chovalacho chikhale chachikulu moti juzi ilowe mkati. Mukamuveka jekete pamwamba, kulira kumayamba musanatsike masitepe, poti njuchi yabisika.

Nanga maswitiwo, ndi otetezeka?

Choopsa chenicheni kwa mwana wamng'ono ndi kutsamwa. Pa mwambo wa kuno anthu amapereka mtedza wosasenda, umene amautcha monkey nuts, pamodzi ndi maapozi ndi timalalanje. Ife mtedza tinakula nawo ndipo sitiuopa, koma malangizo a NHS, bungwe la boma la zaumoyo kuno, ndi akuti mwana wosakwana zaka 5 asapatsidwe mtedza wathunthu. Chimodzimodzi maswiti olimba obulungira, ndi aja ofewa ngati thonje amene amamata pakhosi. Lamulo likhale loti palibe kudya mukuyenda. Mukafika kunyumba khuthulani thumba pa tebulo, chotsani zosayenera msinkhu wake ndi zotseguka, mupatseni ziwiri kapena zitatu, zotsalazo sungani pamwamba. Atsuke mano asanagone.

Ngati thupi la mwana wanu siligwirizana ndi mtedza, mkaka kapena mazira, nyamulani maswiti anuanu oti musinthanitse, ndipo mankhwala ake akhale m'thumba lanu, osati kunyumba. Timaswiti tating'ono tochokera m'paketi yaikulu nthawi zina sitilembedwa zimene zilimo. Zophika pakhomo, monga tablet, switi ya kuno ya shuga, batala ndi mkaka, landirani kwa anthu owadziwa okha. Mukaona dzungu la mtundu wobiriwira mopita ku buluu, ndi chizindikiro chimene chinayambira ku United States chosonyeza kuti nyumbayo ili ndi timphatso tosadya, monga zomata ndi mapensulo.

Abale athu Achisilamu, ndi ena onse osadya nkhumba, dziwani kuti maswiti ambiri otafuna ngati labala amapangidwa ndi gelatine wa nkhumba. Werengani paketi.

Mwana akatsamwa kapena akatupa n'kumavutika kupuma, imbani 999 nthawi yomweyo. Pa zosafulumira kwambiri, NHS 24 ili pa 111.

Sitikufuna zogogoda m'makomo. Kuli kwina koti tipite?

Kulipo kwambiri, ndipo kwa ana osakwana zaka zitatu zamasana ndi zabwino kuposa zausiku. Minda ina imatsegula m'mwezi wa Okutobala kuti ana akadzisankhire dzungu, monga Arnprior Farm kufupi ndi Stirling ndi Craigies Farm kufupi ndi South Queensferry. Malo amafunika kusungitsa pa intaneti nthawi ikadalipo, ndipo nyamulani majombo chifukwa matope ake si ocheza. Kwa mwana wobadwira mu tenement, kuona dzungu lili pansi m'munda ndi phunziro, ndipo ine ndimapezerapo mpata womuuza za munda wa agogo ake, kumene maungu amayanga pansi pa chimanga ndipo timayamba kudya nkhwani dzungu lisanakhwime.

Tauni ya Paisley imakhala ndi chikondwerero chachikulu cha Halloween chakumapeto kwa mwezi, ndipo sitima yochoka ku Glasgow Central kupita ku Paisley Gilmour Street sitenga ngakhale mphindi 15. Kumakhala khamu, ng'oma ndi zidole zikuluzikulu, choncho wamng'ono mufike naye molawirira n'kuima chakumapeto. Ku Botanic Gardens kumachitika GlasGLOW, kuyenda usiku pakati pa nyali zamitundumitundu, kolipira. Malaibulale a m'madera amakonza nthano ndi zojambula zaulere, ndipo tsiku la mvula Kelvingrove ndi Riverside Museum kulowa n'kwaulere.

Ku Edinburgh kuli Samhuinn Fire Festival, yokonzedwa ndi Beltane Fire Society usiku wa 31 Okutobala. Ndi yausiku, yamoto ndi yaphokoso, ndipo ine sindingapite nayo mwana wa sukulu ya mkaka.

Paulendo, ana osakwana zaka 5 salipira basi, ndipo kuyambira Januwale 2022 a zaka 5 mpaka 21 okhala ku Scotland amakwera ulere ngati ali ndi khadi lawo.

Pakhomo panu pomwe mungaitane ana a anzanu n'kuchita masewera a kuno otchedwa dooking: maapozi amayandama m'beseni la madzi, ana n'kumayesa kuwagwira ndi mano, kapena kugwetsa foloko kuchokera pamwamba. Wamkulu asachoke pa beseni mpaka madzi atatayidwa.

Dzungu losemalo timalitaya? Mtima ukundipweteka kuona chakudya chikuonongeka.

Inenso umandipweteka. Maungu akuluakulu osemawa amadyedwa, kungoti ndi amadzimadzi ndipo satsekemera ngati athu. Zam'kati zimene mwachotsa musanayatse nyali phikani supu kapena sakanizani m'phala, ndipo nthanga zake tsukani, thirani mchere, kazingani. Dzungu limene lakhala panja masiku angapo litasemedwa musadye. Liponyeni m'bini ya zakudya, osati m'paki kapena m'nkhalango, chifukwa limadwalitsa akanungu aang'ono a kuno aja amati hedgehog.

Mpeni ugwire wamkulu. Mwana ajambule nkhope ndi cholembera n'kuchotsa zam'kati ndi supuni. Mukafunsa agogo a kuno adzakuuzani kuti iwo ankasema neep, chomera cholimba chozungulira cha mtundu wa mpiru, ndipo manja ankachita matuza. Dzungu linabwera pambuyo, kuchokera ku America.

Ana a eni akabwera pakhomo pathu tichite chiyani?

Ngati mukufuna kuwalandira, ikani dzungu kapena chithunzi chake pachitseko, gulani maswiti okutidwa limodzilimodzi, ndipo afunseni ngati ali ndi nyimbo kapena nthabwala. Mandasi ndi zitumbuwa sungirani ana a anthu okudziwani, poti makolo ena amataya zophika za mlendo. Zikatha, chotsani chizindikirocho. Ngati simukufuna, musaike kanthu ndipo simukakamizidwa kutsegula.

Mwana wanga ndi wamantha. Bwanji akakalira panjira?

Bwererani kunyumba, ngakhale mwangoyenda makomo awiri. Musamuseke ndipo musamukokere pakhomo limene akuliopa. Nyumba zina zimaika zidole zokuwa munthu akayandikira, ndipo mwana wazaka zitatu sasiyanitsa chidole ndi chamoyo. Masiku otsogolera mutengeni ku sitolo masana, agwire chigoba ndi manja ake, aone kuti ndi pulasitiki. Pausikuwo, wachinyamata wovala zoopsa mukamupempha mwaulemu kuti akweze chigoba mwana aone nkhope, ambiri amavomera.

Konzekeraninso phokoso la makombola. Pa 5 Novembala kuli Bonfire Night, yokumbukira chiwembu cha Guy Fawkes ndi anzake chofuna kuphulitsa nyumba ya malamulo ku London mu 1605, ndipo anthu amayamba kuphulitsa makombola Halloween isanafike n'komwe. Kwa mwana amene sanamvepo, kumveka kwake kuli ngati mfuti. Muuzeni kukadali masana kuti usiku kumveka kuphulika, tsekani makatani, ndipo ngati mukupita kukaonerera muvekeni zotseka m'makutu. Timitengo tothetheka moto tija ana amagwira m'manja timatentha kwambiri ngakhale titazima, ndipo mwana wosakwana zaka 5 asapatsidwe.